Mulu wa pa foni: phindu kapena nyambo?

Aliyense amene anagulapo mbatata ya kachewere pa msika wa Tsangano Turn Off kapena tomato ku Furancungo amadziwa kukoma kwa mulu. Wogulitsa akaunjika bwino n'kuponyapo basera, dzanja la wogula silichedwa kupisa m'thumba. Nzeru yomweyi tsopano yalowa m'mafoni, ndipo makolo a m'maboma a Tsangano ndi Macanga ayenera kuimvetsa bwino asanatulutse ndalama za fodya kapena za mbatata.

Mwa zinthu zimene zikugulitsidwa pamulu kudzera pa intaneti ndi mabuku a nthano za zithunzi, amene ena amawatcha makomiki. Achikulire ena angakumbuke timabuku ta mtsikana wotchedwa Sara timene bungwe la UNICEF linatulutsa m'zaka za m'ma 1990 pofuna kulimbikitsa maphunziro a atsikana m'chigawo chino cha Africa. Buku la pepala lotere linkayenda khomo ndi khomo mpaka kung'ambika. Lero buku limabwera m'foni, popanda pepala ngakhale limodzi.

Ku America kuli kampani ya Humble Bundle imene inayamba m'chaka cha 2010 kugulitsa masewera a pa kompyuta pamulu, kenaka n'kuwonjezapo mabuku ndi makomiki. Wogula amasankha yekha ndalama zoti apereke, koma akawonjeza ndalama mulu nawo umakula, ndipo gawo lina limapita ku mabungwe othandiza anthu. Mulu uliwonse umakhala pa malonda masiku owerengeka okha, choncho munthu amafulumira poopa kuti mwayi umupitirira.

Chifukwa chimene kampani zotere zimatha kutsitsa mtengo n'chosavuta. Mlimi akawonjeza basera, thumba lake limachepa. Koma buku la pa foni likalembedwa kamodzi, limagulitsidwa kwa anthu zikwizikwi popanda kugula pepala kapena kulipira galimoto. Wogulitsa sataya kanthu poonjeza mabuku ena pamulupo.

Apa ndiye pofunika kuwerengera. Tiyerekeze kuti mulu wa mabuku 20 ukugulitsidwa pa 500 meticais. Zikuoneka ngati buku limodzi ndi 25 meticais. Koma ngati mwana awerengapo mabuku 4 okha, ndiye kuti lililonse lagulidwa pa 125 meticais. Komanso ambiri mwa mabukuwa ndi a Chingerezi, pamene ana a kuno amalankhula Chichewa kunyumba ndipo kusukulu amaphunzira Chipwitikizi. Kulipira kwake nakonso kumafuna khadi ya ku banki, imene anthu ambiri a kumudzi alibe.

Vuto lina n'lakuti si buku lililonse la pa foni limene limakhala la wogula mpaka kalekale. M'chaka cha 2019 kampani ya Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku a pa intaneti, ndipo mabuku amene anthu anagula analeka kutseguka. Ndalama anawabwezera, koma mabuku anapita.

Anthu a m'malire muno mulu wa pa foni amaudziwa kale kudzera m'mabandulo. Movitel, imene inayamba ntchito m'chaka cha 2012, pamodzi ndi Vodacom ndi Tmcel amagulitsa mamega a tsiku, a sabata ndi a mwezi. Tsidya la ku Malawi, Airtel ndi TNM amachitanso chimodzimodzi. Bandulo yaikulu imaoneka yotchipa, koma masiku ake akatha, mamega otsala kawirikawiri amapita. Kwa munthu amene netiweki amaipeza pokhapokha akakwera pachulu, kapena amene foni yake imakhala yozima podikira sola, bandulo yaing'ono ikhoza kukhala yaphindu kuposa yaikulu. Mabuku a zithunzi nawo amadya mamega ambiri powatsitsa, ndipo ndalama imeneyo iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa mulu.

Kuti nkhani ya mabandulo si yamasewera zinaoneka m'mwezi wa May 2024, pamene bungwe loyang'anira za mafoni la INCM linasintha mitengo ndipo mabandulo opanda malire anathetsedwa. Ophunzira ndi achinyamata anachita zionetsero mu mzinda wa Maputo, ndipo patapita masabata ochepa mitengo yatsopanoyo inaimitsidwa.

Izi sizikutanthauza kuti mulu ndi woipa. Mwana amene wapeza nthano zomusangalatsa amazolowera kuwerenga, ndipo ana angapo akhoza kuzungulira foni imodzi madzulo. Koma kholo lisanalipire lifunse mafunso atatu: kodi mabukuwa ali m'chinenero chimene mwanayo amamva? Kodi adzawerengapo angati? Nanga akalowa m'foni, adzatseguka popanda intaneti?

Mayi wodziwa msika sagula mulu wa tomato asanatembenuze za pansi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.