Fulashi yodzaza, sabufa ili chete: wolakwa ndani ku Mtiya?

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati yafika, ndipo anyamata oika nyimbo m'mafulashi ku Mtiya, m'tsinde mwa phiri la Zomba, sakupuma. Kaseti inapita kalekale, CD nayo ikutsazika. Koma malondawa abwera ndi dandaulo lake: fulashi yoimba bwinobwino pa kompyuta, ikafika kunyumba imangoti zii.

Loweruka lina m'mawa, mayi wina anatulukira pabenchi ya mmodzi mwa anyamatawa atasenza sabufa yokulunga m'chitenje, nthambo zikulendewera kumsana. Madzulo ake kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Fulashi inali yatsopano, ya 64 GB, ndipo anaimangirira kansalu kofiira kuti isasowe. Dzulo lake analipira kuti amuikiremo nyimbo za kwaya, za manganje ndi zovinira perekaniperekani.

Mnyamatayo analumikiza sabufa kumagetsi n'kulowetsa fulashi. Kanyali kabuluu kanaphethira kangapo, kenaka pagalasi panalembeka NO FILE. Anaizula, kuiuzira mpweya, kuipukuta pamalaya, kuibwezeretsa. Chimodzimodzi. Ataiika pa laputopu yake, nyimbo zonse zinalimo ndipo zinaimba bwinobwino, mpaka ana amene ankadutsa ndi zigubu za madzi anaima n'kuyamba kudukula. Mayiyo sanaseke nawo. Anangokhala pabenchipo, dzanja lili kutsaya.

Mkangano unabuka pamene bambo wokonza mawailesi chapafupi anabwera kudzasuzumira. Mnyamatayo anaumirira kuti ntchito yake anaigwira, vuto ndi sabufa yachikale, choncho ndalama sabweza. Bamboyo anakana kwamtuwagalu. Anati wakhala akulandira masabufa abwinobwino amene eni ake amaganiza kuti apsa, chonsecho cholakwika chili m'fulashi, ndipo woika nyimbo ayenera kufunsa kaye kuti zikaimbidwira pa chiyani.

Onsewa ali ndi mfundo. Mafulashi ndi mamemori khadi oposa 32 GB nthawi zambiri amabwera atafomatidwa mu mtundu wotchedwa exFAT, pamene masabufa ndi mawailesi ambiri a m'nyumba amawerenga FAT32 yokha. Kompyuta imadziwa zonse ziwiri, n'chifukwa chake mnyamatayo sankaona vuto. Mankhwala ake n'kusamutsa nyimbo, kufomata fulashi kuti ikhale FAT32, n'kuzibwezeretsa. Koma kufomata kumafufuta chilichonse, zithunzi za maliro ndi za ubatizo zomwe. Komanso pa makompyuta ambiri a Windows, FAT32 sioneka pamndandanda ngati fulashi yaposa 32 GB, mpaka munthu apeze kapulogalamu kapadera.

Bamboyo sanalekere pomwepo. Anati anyamata ena amatenga nyimbo zotumizirana pa WhatsApp kapena zojambula pafoni, zomwe zimakhala za M4A kapena OPUS, n'kungosintha dzina kuti lithere ndi MP3. Kumeneko kuli ngati kulemba kuti shuga pachitini cha mchere. Sabufa imangodumpha nyimbo zoterozo. Mnyamatayo anabwezera kuti nawonso makasitomala amathamangira mafulashi otchipa achinyengo, olembedwa 64 GB koma mkati muli malo ochepa. Zikatero nyimbo zina zimaonongeka ngakhale maina ake akuoneka, ndipo wotukwanidwa amakhala iye. Anatchulanso vairasi yobisa mafoda n'kusiya mashotikati, imene imayenda ndi mafulashi obwerekana.

Funso loti alipire ndani silinathe. Chimene chinathandiza mayiyo ndi kafulashi kakale ka 8 GB, kosweka chivindikiro, kamene mnyamatayo anakatola m'dirowa. Anakoperamo nyimbo za MP3 zokhazokha, osaziika m'mafoda ambirimbiri. Atangokalowetsa, sabufa inagunda mpaka benchi kunjenjemera. Anagwirizana kuti mayiyo asiye fulashi yake ngati chikole, adzabweze kakaleko Lolemba.

Achinyamata ambiri ku Matawale, Chinamwali ndi ku Mtiya komweko ayamba kuthawira ku Bluetooth, ati ilibe zovuta zonsezi. Koma amene amayendetsa zinkhoswe sakuikhulupirira kwenikweni. Foni ikalira gule ali mkati, nyimbo imaduka pomwepo, ndipo pamasipika ena bwalo lonse limamva mawu a woimba foniyo akufunsa za ngongole yake.