Kukopa Woŵerenga: Nthano ndi Chimangirizo m'Sukulu za ku Thyolo

Ambiri a ife tikapereka chimangirizo cha mtsutso timalandira masamba odzaza mau akuti "ndi choipa kwambiri" ndi "tiyenera kuleka", popanda chifukwa ngakhale chimodzi. Mwana amaganiza kuti kukopa munthu ndiko kukuwa. Cholakwa nchathu, pakuti sitinamuonetse mmene alembi amakopera.

Tiyeni tione buku la Samuel Josiah Nthara lotchedwa Nthondo, lomwe linatuluka m'chaka cha 1933. Cholinga cha mlembiyo chinali kukokera anthu ku Chikhristu, koma iye sanayambe ndi ulaliki. Anatipatsa munthu mmodzi, natilola kuyenda naye kuchokera pa kubadwa kwake, m'zolakwa zake ndi m'maulendo ake, mpaka titamzoloŵera ngati mbale wathu. Nthondo akamatembenuka mtima, woŵerenga amakhala atatembenuka kale theka. Nthano imakopa potionetsa munthu. Chimangirizo chilibe mwaŵi umenewo. Chimadalira mfundo ndi umboni.

Mphunzitsi wotumizidwa ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ali ndi mutu wokonzeka kale, ndiwo thangata. Mabanja ambiri a Alomwe amene anachokera ku Mozambique anakhala pa malo a azungu, ndipo m'malo molipira lendi ndi ndalama ankagwira ntchito m'munda wa mwini malo. Mkwiyo wa nkhani ya malo unabuka m'zipolowe za ku Thyolo m'chaka cha 1953, ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962.

Tsono ntchito yokachitira kunyumba ikhale paŵiri. Tsiku loyamba ana akafunse akuluakulu a kwawo zimene anaona kapena kumva, nalembe kankhani ka munthu mmodzi yekha: mai wobereka dengu kumsana, akuthyola masamba aŵiri ndi kansonga kuyambira mbandakucha, kapitawo akudikira pa sikelo, munda wake wa chimanga utamera udzu. Tiwaletse kulemba liu lakuti "nkhanza". Ngati nkhanzayo ilipo, udzuwo udzainena.

Tsiku lachiŵiri alembe chimangirizo pa mutu womwewo. Apa mai uja asanduka umboni chabe, ndipo mwana ayenera kunena poyera chimene akutsutsa ndi zifukwa zake. Gawo limene ana amalithaŵa ndi ili: kutchula maganizo a mbali inayo. Mwini munda akanati malo ndi ake ndipo wokhalapo ayenera kulipira. Mwana amuyankhe bwanji? Tisamuuze yankho. Chimangirizo chimene sichinakumane ndi wotsutsa sitichipatsa malikisi ambiri, ngakhale Chicheŵa chake chitakoma chotani.

Chenjezo limodzi: makolo a ana ambiri m'kalasimo amadya za tiyi yemweyo, ndipo ena ndi akapitawo. Poŵerenga zolembazo mokweza tisatchule dzina la mwini pepala, ndiponso tiwauze ana asinthe maina a anthu amene agogo awo anawatchula.