N'cifukwa ciyani atsikana akutha msinkhu msanga?

M'nyengo ya dzinja, mwana wina wa m'kalasi yacisanu imene ndimaphunzitsa anasowa kusukulu sabata yathunthu. Ndi mtsikana wa zaka 11, wokonda masamu, ndipo sajomba wamba. Loweruka ndinakwera njinga kupita kwawo. Ndinapeza agogo ake akusenda cinangwa pakhonde. Titalonjerana, anandiuza motsitsa mawu kuti: "Aphunzitsi, mdzukulu wanga wakula. Koma ine zandizunguza mutu. Ife tinkakula tili aakulu ndithu, tikutha kusinja mtondo wa cimanga tokha. Uyu ndi khanda. Kodi amulodza, kapena pali mwamuna amene wamuwononga?"

Mwanayo anali m'nyumba. Ankamva zonse, akulira.

Agogowo sananame. Atsikana ambiri masiku ano akutha msinkhu msanga kuposa agogo awo. Koma cifukwa cake si ufiti, ndiponso si khalidwe loipa. Tiyeni tione bwinobwino.

Kutha msinkhu n'ciyani?

Kutha msinkhu si cinthu ca tsiku limodzi ayi. Ndi ulendo wotenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo umayambira m'mutu. Pansi pa ubongo pali kaciwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo. Nthawi ikakwana, ubongo umalamula kaciwaloka kuti katulutse timadzi tochedwa mahomoni. Timadziti timayenda m'magazi mpaka kukafika ku timatumba tiwiri ta mazira timene tili m'mimba mwa mtsikana aliyense, m'mbali mwa ciberekero. Timatumbato tikadzutsidwa, nato timatulutsa mahomoni ena amene amasintha thupi.

Coyamba kuoneka ndi mawere. Kwa atsikana ambiri amayamba kumera pakati pa zaka 8 ndi 13. Kenaka mtsikana amatalika mofulumira, ndipo tsitsi limamera kumalo obisika ndi m'khwapa. Msambo umabwera pambuyo, patapita zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono mawere atayamba. Conco tsiku limene akuluakulu amati "mwana wakula", ulendo umakhala utayamba kalekale.

Kodi n'zoona kuti zasintha?

Inde. Madokotala akhala akulemba zimenezi kwa zaka zambiri. M'maiko a kumpoto kwa Ulaya, monga Norway, ca m'ma 1850 atsikana ankayamba kusamba ali ndi zaka 16 kapena 17. Pofika m'ma 1960 ankayamba ali ndi zaka 13.

Mumzinda wa Copenhagen, ku Denmark, madokotala anayeza atsikana ca m'ma 1991 ndipo anayezanso ena ca m'ma 2006. Gulu loyamba mawere ankayamba pafupifupi pa zaka 11. Gulu laciwiri ankayamba pafupifupi pa zaka 10. Mu 2020 akatswiri anasonkhanitsa zimene zinapezeka m'maiko ambiri kuyambira 1977 mpaka 2013. Anaona kuti pa zaka khumi zilizonse, msinkhu woyambira mawere unkatsika ndi miyezi pafupifupi itatu. Miyezi itatu ikuoneka yocepa. Koma tawerengani: pa zaka 40 ikukwana caka cathunthu.

Kuno ku Mozambiki nako anayeza. Mu 2000 anafunsa atsikana a sukulu 753 a ku Maputo, ndipo katswiri wina, Cristina Padez, analemba zotsatira zake. Theka la atsikanawo linali litayamba kusamba pofika zaka 13 ndi miyezi iwiri. Panaonekanso cinthu cina cofunika: ana a pakati pa mzinda ankayamba msanga kuposa ana a m'madera osauka a m'mbali mwa mzindawo. Dziko limodzi, mzinda umodzi, koma msinkhu wosiyana. Cinasiyanitsa n'ciyani?

Cifukwa cacikulu ndi cakudya

Amene amaweta nkhuku amadziwa kuti msoti wodya bwino sucedwa kuikira, pamene wosowa cakudya umacedwa. Thupi la munthu limacitanso cimodzimodzi. Lili ngati mayi wanzeru wosunga nkhokwe. Cakudya cikacepa, limayamba lasamala moyo, ndipo zina zonse zimadikira. Cakudya cikakwana, limakula msanga ndi kutha msinkhu msanga.

Taganizirani mmene makolo athu a kuno ku Milange anakulira. Nkhondo inavuta m'dziko muno kuyambira 1977 mpaka 1992. Anthu ambiri anasiya minda yawo m'munsi mwa phiri la Tumbine nawoloka Muloza kuthawira ku Mulanje. Dziko la Malawi linasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1992 kunagwanso cilala coopsa. Amayi anga anakula m'zaka zimenezo. Amandiuza kuti masiku ena ankagona atadya mango owiritsa basi, ndipo iwo ndi anzawo anatha msinkhu mocedwa.

Mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kukalima. Lero boma la Milange limakolola cimanga, nyemba ndi nandolo mpaka kugulitsa kutsidya kwa malire. Ana ambiri akudya bwino kuposa mmene amayi awo ankadyera.

Matenda nawo amadya mphamvu za mwana. Malungo, cikuku, kutsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba zimalanda cakudya cimene thupi likadakulira. Katemera, maneti ocinga udzudzu, madzi a pamjigo ndi mankhwala a njoka zathandiza kuti ana ambiri asamadwaledwale. Mwana wosadwaladwala amakula msanga. Mbali imeneyi ya nkhaniyi ndi yabwino, ndipo tisacite nayo manyazi.

Komabe si ana onse amene akukhuta. Muno m'Zambezia mukadali ana ambiri opinimbira cifukwa ca kupelewera kwa cakudya, ndipo otere kawirikawiri amacedwa. N'cifukwa cake pasukulu imodzi mungapeze wina wayamba kusamba ali ndi zaka 11, wina ali ndi zaka 14. Onse awiri ndi abwinobwino.

Mafuta a m'thupi

Kodi ubongo umadziwa bwanji kuti cakudya cakwana? M'ma 1970 mayi wina wa sayansi wa ku Harvard, Rose Frisch, anaona kuti atsikana oonda kwambiri, monga ocita mipikisano yothamanga, amacedwa kuyamba kusamba. Iye anati mafuta a m'thupi ali ndi mbali pa nkhaniyi. Mu 1994 akatswiri anatulukira homoni yochedwa leptini, imene imapangidwa ndi mafuta a m'thupi. Leptini ili ngati mthenga wopita ku ubongo kukanena kuti, "M'nkhokwe muli cakudya." Popanda uthenga umenewu ulendo wa kutha msinkhu suyamba.

Apa ndiye pali vuto latsopano. Kukhuta n'kwabwino, koma kunenepa kopitirira muyeso kumafulumizitsa thupi nthawi isanakwane. M'matauni ndi m'misika ya m'malire mwadzaza zakumwa zotsekemera, mabisiketi, maswiti ndi zokazinga m'mafuta. Mwana wodya zimenezi tsiku ndi tsiku, amene sathamanga kapena kusewera, amanenepa msanga. M'maiko ambiri kunenepa kwa ana n'kumene kukuchulidwa koyamba pa zifukwa za masiku ano.

Koma cenjerani. Munthu asamane mwana cakudya poganiza kuti acedwetse kukula kwake. Kutero n'kumupha. Mwana adye nsima, ndiwo zamasamba, nyemba, nsomba, mazira ndi zipatso, ndipo azisewera.

Zifukwa zina

Mtundu. Mwana amatengera amayi ake. Ngati mayi anayamba msanga, kawirikawiri mwana wawonso amayamba msanga.

Nkhawa. Akatswiri apeza kuti atsikana okulira m'nyumba za ndewu ndi nkhanza nthawi zambiri amatha msinkhu msanga. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa cifukwa ca mliri wa COVID-19, madokotala a ku Italy analandira atsikana aang'ono oyamba kukula msanga oculuka kuposa zaka zam'mbuyo. Iwo anaganizira za nkhawa, kukhala m'nyumba osayenda, ndi kucezera pa foni usiku.

Mankhwala. M'mapulasitiki ena, m'mafuta ena odzola ndi m'mankhwala ena ophera tizilombo m'munda muli zinthu zimene zikalowa m'thupi zimacita ngati mahomoni. Akatswiri akuzifufuza kwambiri. Ife cimene tingacite n'capafupi: tisasunge madzi, mcere kapena mafuta ophikira m'cigubu cimene munali mankhwala a m'munda, ndipo ana asakhale pafupi popopera mbewu.

Zimene si zoona

Si zoona kuti mtsikana amayamba kusamba cifukwa wagona ndi mwamuna. Taona kale kuti lamulo limacokera ku ubongo. Kumunamizira mwana cotere kumamupweteka mumtima, ndipo mawa akadzakhala pa vuto lenileni sadzauza munthu.

Si zoona kuti walodzedwa. Si zoonanso kuti wakula msanga cifukwa ca katemera. Katemera amene atsikana aang'ono akhala akulandira m'dziko muno kuyambira 2021 ndi woteteza ku khansa ya khomo la ciberekero. Sakhudza nthawi ya kutha msinkhu.

Thupi lafulumira, koma mwana akadali mwana

Mfundo yaikulu ya phunziro lathu ndi iyi. Cimanga cikamasula ngayaye sindiye kuti cakhwima. Wothyola nthawi imeneyo sapeza kanthu.

Kale mtsikana akakula ankalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo posapita nthawi ankakwatiwa. Pa nthawiyo ambiri ankakhala atasinkhukirapo. Lero msambo ukubwera msanga. Tikatsata mawu akale akuti "wakula, akwatiwe", ndiye kuti tikukwatitsa ana a zaka 11 ndi 12, amene agogo athu akadawaona ngati makanda.

Msambo wafulumira, koma mafupa a m'ciuno amapitiriza kukula kwa zaka zingapo msambo utayamba. Ubongo nawo umakhwima munthu atapitirira zaka 20. Mtsikana wamng'ono akatenga mimba, njira imamucepera pobereka. Mwana angafe, mayi angafe, kapena angatsale ndi fisitula, nthenda imene imacititsa mkodzo kumangotuluka wokha.

Kafukufuku wa boma wa mu 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, 48 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa Lamulo 19/2019, loletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18. Lamuloli limalanga wamkulu wokwatira mwana, ndiponso acibale omupereka. Kuwoloka malire sikuthandiza, pakuti ku Malawi nako anakonza malamulo awo aakulu mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 2018, mtsikana woyembekezera sakakamizidwanso kusamukira ku sukulu ya usiku. Malo ake m'kalasi amakhalapobe.

Ticite ciyani tsono?

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Popeza thupi likufulumira, malangizo nawo afulumire. Amayi, azakhali ndi agogo auzeni ana za msambo akafika zaka 8 kapena 9, asanaone magazi n'kuganiza kuti akufa. Anamkungwi angagawe mwambo pawiri: za ukhondo ndi ulemu lero, za m'banja zidikire nthawi yake.

Atsikana inu, msambo si matenda, ndipo si cifukwa cojombera. Funsani nsalu zoyera kapena mapadi kwa amayi. Capani nsaluzo ndi sopo, ziume bwino padzuwa. Munthu wamkulu akayamba kukupatsani ndalama, kukugwiragwira kapena kukamba za ukwati, uzani amayi, aphunzitsi kapena anamwino msanga. Kulakwa si kwanu.

Anyamata inu, mnzanu akadetsa siketi musamuseke. Amayi anu ndi alongo anu amaona zomwezo. Inunso nthawi yanu ikubwera: mawu adzasintha, ndevu zidzamera.

Pitani naye kucipatala mwana amene mawere ayamba kumera asanakwanitse zaka 8, amene akutaya magazi mawere asanayambe, ndi amene wafika zaka 15 asanayambe kusamba.

Tsiku lija ndinakhala pakhonde paja mpaka dzuwa kupendeka. Nditatha kufotokoza, agogo aja anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Ndiye kuti ndi nsima yathu yomweyi?" Anaitana mdzukulu wawo, namuuza kuti acape yunifolomu. Lolemba m'mawa mwanayo anali pamalo pake, kutsogolo, cala cili m'mwamba.

Mawu atsopano

Mahomoni: timadzi toyenda m'magazi, totenga uthenga kucokera ku ciwalo cina kupita ku cinzake.
Leptini: homoni yopangidwa ndi mafuta a m'thupi.
Kupinimbira: kusakula bwino cifukwa ca kucepa kwa cakudya kapena kudwaladwala.
Fisitula: bala la m'kati limene limadza mayi akavutika nthawi yaitali pobereka.

Mafunso

1. Kodi kutha msinkhu kumayambira m'ciwalo citi?
2. Chulani zifukwa zitatu zimene atsikana akuthera msinkhu msanga.
3. Ngati msinkhu ukutsika ndi miyezi itatu pa zaka khumi zilizonse, utsika ndi miyezi ingati pa zaka 30?
4. Fotokozani tanthauzo la mawu awa: "Cimanga cikamasula ngayaye sindiye kuti cakhwima."
5. Kodi Lamulo 19/2019 likuletsa ciyani?
6. Werengerani makolo anu phunziroli, ndipo muwafunse zimene ankadya ali ana. Lembani mayankho awo m'kope.