Mlangeni ndi Mtunda wa Angoni

Ambiri oyenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amangodziwa Mlangeni ngati malo a sukulu ya apolisi ndiponso pogulira mbatatesi pa zenera la basi. Komatu dera limeneli n'loyenera kutsikirapo, chifukwa pano mapiri, ulimi ndi mbiri ya anthu zimalongosolana zokha. Msewuwu umatsata mtunda wogawa madzi: mvula yogwa kum'mawa imatsikira ku chigwa cha Bwanje mpaka ku nyanja, yogwa kumadzulo imadutsa ku Angonia kukathira mu Zambezi. Mtunda womwewu ndiwo Angelezi ndi Apwitikizi anausandutsa malire mu 1891, n'chifukwa chake m'malo ena munthu akangodumpha msewu wafika ku Mozambique. Kukwera kwa dzikoli kumadzetsa chisanu ndi nkhungu za mu June ndi July, ndipo kuzizirako ndiko kumabereketsa kachewere, kabichi, anyezi ndi nyemba. Pa msika wa Lizulu amayi amasanja mbatatesi m'zidebe mpaka kusongoka, zikuluzikulu pamwamba, ndipo wogula sangadziwe kuti zakumbidwa m'munda wa dziko liti.

Malirewo anadula anthu amodzi. Angoni a kwa Maseko, atayendayenda zaka zambiri kuchokera kum'mwera kwa Africa, anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Mozambique, nafalikira m'mapiri onsewa. Asilikali a Angelezi anapha Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, mu 1896, ndipo manda ake ali pafupi ndi boma la Ntcheu, kumene Angoni amasonkhana chaka ndi chaka pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano. Mwana wa Gomaniyo, Philip Gomani, anachotsedwa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anathawira tsidya la Apwitikizi, koma iwo anam'bweza, namwalira mu 1954. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ulendo unatembenuka: a ku Angonia ndiwo anadzaza midzi ya kuno, ambiri akufikira kwa abale awo enieni. Wodziwa izi sayang'ananso msewuwu ngati phula wamba.

Wina anganene kuti kuno kulibe mchenga wa ku Mangochi kapena njovu za ku Liwonde, nanga mlendo adzere chiyani? N'zoona kulibe. Koma nyanjayo imaoneka bwino koposa munthu ali pamwamba, makamaka potsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti kukakhala kopanda utsi wa moto wolusa. Mawu olemera kwambiri ndi a iwo amene amati uNgoni unatha, popeza Chingoni sichimvekanso m'midzi ndipo aliyense amayankhula Chichewa. Ine ndikuti kutayika kwa chinenerocho ndi mbali ya zimene mlendo ayenera kuona. Ankhondo a Chingoni aja anakwatira akazi a Chichewa ndi a Chintumba, ana natenga mawu a amayi awo, koma ziwongo monga Maseko, Ngozo ndi Phungwako zilipobe, ndipo ingoma siinafe. Imani pafupi amuna akamavina: nthenga kumutu, zikopa m'chiuno, chishango kumanzere, chibonga kumanja, phazi likamenya pansi fumbi koboo, amayi akuomba m'manja ndi kululutira. Mulibe ng'oma m'gule ameneyu. Mapazi ndiwo amasunga kayendedwe ka nyimbo.

Chosowa chenicheni n'chakuti malo ambiriwa alibe womulongosolera mlendo. Zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo ku Mua, misheni imene inayamba mu 1902, nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare ili ndi chipinda cha miyambo ya Angoni. Wofuna kumva mbiri ya mtunda wa Mlangeni mwadongosolo amayenera kutsika phiri kukaifunsa kumeneko, kapena kudikira tsiku la Umhlangano.