Kuchepetsera msonkho olera ana amasiye: Shariya ikutiunikira chiyani?

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, mabanja ambiri ku Muloza ndi m'midzi ina ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje adapezeka ali ndi ana owonjezera pakhomo. Amalume, azakhali ndi agogo adatenga ana a abale awo amene adakokoloka ndi madzi. Funso lake ndi ili: kodi boma silingawachepetsere msonkho anthu oterewa monga amachitira mayiko ena?

Ku America, kuyambira 1997, banja lomwe latenga mwana kudzera kukhoti limachotseredwa pa msonkho ndalama zimene laononga pa maloya, khoti ndi maulendo. Mu 2024 malire ake adali madola 16,810 pa mwana mmodzi. Kuno kwathu msonkho wa PAYE, womwe MRA imatolera, umawerengedwa pa malipiro a munthu, osayang'ana ana amene akudya m'nyumba mwake. Tisanayambe kupempha kuti titengere za ku America, tiyeni tione mfundo ziwiri.

Yoyamba ndi ya Shariya. Pa lamulo la Adoption of Children Act la 1949, khoti likavomereza, ufulu ndi udindo wa makolo obereka zimasamukira kwa womutenga mwanayo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limamuwerengera pamodzi ndi ana obereka. Izi zikufanana ndi tabanni, mwambo wa Aarabu Chisilamu chisanafike. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalera Zaid bin Haritha mpaka anthu ankamutcha Zaid bin Muhammad. Ndime 4 ndi 5 za Surat Al-Ahzab zitavumbulutsidwa, Zaid adabwerera ku dzina la bambo ake, koma chikondi cha Mtumiki pa iye sichidachepe.

Chimene Chisilamu chimalimbikitsa ndi kafala, kutanthauza kumudyetsa mwana, kumuveka, kumuphunzitsa ndi kumuteteza, popanda kufufuta mtundu wake. Pali zinthu zitatu zofunika kuzisunga. Dzina la bambo womubereka silisinthidwa. Mwanayo salandira mirathi kwa womulera, koma womulerayo angathe kumulembera wasiya wosapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma, kapena kumupatsa mphatso akadali moyo. Kulera pakokha sikubweretsa umahram, pokhapokha ngati ubalewo udalipo kale kapena mwanayo wayamwitsidwa. Mu madh-hab ya Imam Shafi, yomwe ambiri kuno timatsata, kuyamwako kukhale kasanu, nthawi zosiyana, mwana asanakwanitse zaka ziwiri. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limaitchula kafala m'ndime 20, ndipo Malawi adalivomereza mu 1991. Choncho lamulo lochepetsa msonkho lomwe lingafune chikalata cha khoti chokha lingamuike Msilamu pamphambano: asinthe mtundu wa mwana kapena aphonye thandizo.

Mfundo yachiwiri ndi ya chilungamo. Amene akulera amasiye ku Mulanje ndani? Ambiri ndi agogo olima chinangwa ndi nandolo, ndi amayi othyola tiyi amene malipiro awo safika pamene PAYE imayambira. Wopanda msonkho wa malipiro mungamuchotsere chiyani? Thandizolo lingagwere a m'maofesi, agogo aja n'kutsala chimanjamanja.

Mbiri yathu ikutipatsa njira ina. Khalifa Umar bin Al-Khattab (Allah asangalale naye) atamubweretsera mwana wotoledwa, adagamula kuti mwanayo ndi mfulu, amusunge yemwe adamutola, ndipo zomulerera zichokere ku Baitul-mal, mosungira chuma cha boma. Thandizo lidatsata mwana, osati dzina limene wapatsidwa kapena chuma cha womulera. Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, akuyandikira ganizo limeneli, poti ndalama zimapita kubanja losaukitsitsa lenilenilo.

Podikira aphungu, udindo uli pa ife. Wamasiye wosauka ndi woyenera Zakaat. Masheikh athandize olera kulemba wasiya, kulembetsa mwana m'kaundula ndi dzina la bambo ake, ndi kumusungira munda ndi katundu wa makolo ake mpaka atakhwima nzeru. Kudya chuma cha wamasiye ndi limodzi mwa machimo akuluakulu, ndiponso ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.