ZIPANGIZO ZOYEZERA NTCHITO YA LILIME POLANKHULA

Munthu akamalankhula, lilime lake limagunda malo osiyanasiyana m'kamwa mofulumira kwambiri. Potchula "ta" nsonga ya lilime imakhudza kuseri kwa mano a m'mwamba, koma potchula "ka" limakwera cha kumbuyo, pafupi ndi kukhosi. Zonsezi zimachitika mobisika, motero mwana akamalephera kutchula mawu bwino, nkovuta kudziwa pamene lilime likuphonya.

Njira zakale

M'chaka cha 1872 dokotala wa mano wa ku London, Oakley Coles, ankapaka ufa wosakaniza ndi ulimbo kumwamba kwa m'kamwa mwake, ndi kutchula liwu limodzi. Pamene ufa wachoka ndi pamene lilime lakhudza. Njirayi inkangoonetsa liwu limodzi basi. Pambuyo pake akatswiri anayesa X-ray, koma mphamvu yake imaononga thupi munthu akaunikidwa kawirikawiri.

Kambale ka m'kamwa

M'zaka za m'ma 1970 William Hardcastle ndi anzake a pa yunivesite ya Reading ku England anakonza chipangizo cha njira yotchedwa electropalatography. Dokotala wa mano amatenga chikombole cha m'kamwa mwa wodwala, ndipo amaumba kambale kopyapyala ka pulasitiki kokwana kumwamba kwa m'kamwamo monga mano oikirira. Pa kambaleko pamakhala timadontho tachitsulo 62, kalikonse ndi kawaya kake kopita ku kompyuta. Lilime likakhudza kadontho, malo ake amaonekera pa galasi la kompyuta. Makinawa amawerenga maulendo 100 pa sekondi imodzi, ndipo wodwala samva kuwawa.

Njira ina ndi ya makina a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Akawaika pansi pa chibwano amaonetsa m'mene lilime likupindikira, ngakhale saonetsa bwino pamene lagunda.

Phindu lake

Zipangizozi zathandiza kwambiri ana obadwa ndi mpata kumwamba kwa m'kamwa. Ambiri mwa iwo amazolowera kukokera lilime kumbuyo, kotero kuti "tate" amamveka ngati "kake". Kambale kaja kanaonetsanso kuti ana ena amagunditsa lilime kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, chinthu chimene khutu lokha silingazindikire. Mwana akaona chithunzi cha lilime lake pambali pa chithunzi choyenera, amayesayesa mpaka ziwirizo zitafanana. M'chaka cha 1996 zipatala za ku Scotland zinayamba kuthandiza ana otere mwa njirayi. Ana osamva bwino ndi akulu amene anadwala sitiroko amaphunzitsidwanso chimodzimodzi.

Zoyenera makolo kudziwa

Makina otere amapezeka m'mayunivesite ndi m'zipatala zowerengeka, koma phunziro lake ndi la khomo lililonse. Mwana wotchula mawu molakwika sachita dala, ndipo si ulesi kapena kulodzedwa. Lilime lake linangozolowera malo olakwika, ndipo likhoza kuphunzira ena. Kumuseka ndi kumukalipira kumangomuchititsa manyazi mpaka kuleka kulankhula pagulu. Makolo asadule kamtsempha ka pansi pa lilime kunyumba, pakuti mwana angataye magazi ambiri kapena chilonda chingalowe tizilombo.

Khanda limene mkaka umatulukira m'mphuno poyamwa, ndi mwana amene wafika zaka 4 koma alendo samva zimene akunena, apite nawo ku chipatala msanga kuti akaonedwe m'kamwa ndi m'makutu. Mpata wa m'kamwa umatsekedwa ndi opaleshoni ku chipatala chachikulu, ndipo mwana amalankhula bwino koposa akathandizidwa asanazolowere kutchula mawu molakwika.