Kodi Mumadziwa? Ulusi ndi Kompyuta ndi Pachibale

Kodi mumadziwa kuti ina mwa nzeru zoyendetsera kompyuta inabadwira kwa owomba nsalu? Mu 1804, Joseph Marie Jacquard wa ku Lyon, m'dziko la France, anakonza makina owerenga makadi obowola: pomwe pali bowo ulusi unkakwera, pomwe palibe unkatsala pansi. Woluka lichero aliyense amaidziwa mfundoyi, nsungwi imadutsa pamwamba kapena pansi, basi. Chithunzi cha Jacquard chowombedwa ndi silika mu 1839 chinafuna makadi 24,000. Charles Babbage wa ku England anali nacho chake, ndipo makadi otere ndi amene anasankha kuti aziyendetsa makina owerengetsera omwe ankawalingalira.

Nanga mumadziwa kuti mapulogalamu a kompyuta ya Apollo, imene inafikitsa anthu kumwezi mu 1969, analukidwa ndi manja? Amayi a pafakitale ya Raytheon ku Massachusetts ankalowetsa waya m'timphete ta maginito. Waya akadutsa mkati ndiye 1, akalambalala ndiye 0.

Kodi mumadziwa kuti makapeti a Faig Ahmed, mmisiri wa ku Baku, Azerbaijan, amaoneka ngati akusungunuka? Kumtunda kapeti imakhala ndi maluwa ndi mizere ya makolo, kumunsi mitundu yonse n'kuyenderera pakhoma mpaka pansi. Ena amaoneka ngati chithunzi chosweka pa foni. Ahmed amayamba wajambula pa kompyuta, koma mfundo iliyonse imamangidwa ndi zala za amayi oluka, ndi ubweya wa nkhosa, m'njira yakale imene UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2010. Ine ndikadakonda kuti mayina a amayiwo azimveka mokweza ngati la mwini chithunzi, pakuti popanda iwo chojambulacho chikadathera pa sikirini.

Mmisiri Grayson Perry wa ku Britain anatenga njira ina. Nsalu zake zisanu ndi imodzi za The Vanity of Small Differences, za mu 2012, anazijambula pa Photoshop ndipo zinawombedwa ku Belgium ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta.

Koma nkhani yondikhudza mtima kwambiri ndi ya Marilou Schultz, mphunzitsi wa masamu komanso katswiri woluka wa mtundu wa Navajo ku America. Kodi mumadziwa kuti mu 1994 kampani ya Intel inamupempha kuti aluke chithunzi cha mkati mwa Pentium, kachipangizo komwe ndi ubongo wa kompyuta? Anachiluka pamanja, pa choluka cha makolo ake, kutsatira timizere ndi timabokosi mosamala kwambiri. Ntchitoyi, yotchedwa Replica of a Chip, inaonetsedwa pa chionetsero cha documenta 14 mu 2017.

Kumeneko sikunali kukumana koyamba kwa Anavajo ndi zipangizo zotere. Kuyambira 1965, kampani ya Fairchild inali ndi fakitale ku Shiprock, New Mexico, ndipo panthawi ina inalemba Anavajo opitirira 1,000, ambiri mwa iwo amayi, kuti azilumikiza tizipangizo ta magetsi. Polengeza malonda ake, kampaniyo inkatamanda luso lawo la kuluka kuti ndilo linawakonzekeretsa ntchitoyo. Mu 1975, antchito ena atachotsedwa, gulu la American Indian Movement linalanda fakitaleyo kwa masiku angapo, ndipo Fairchild inaitsekeratu.